Chipinda cha makatoni ndi zaka 80 za amayi

Loweruka, 6 Januwale 2024

Amayi akwanitsa zaka 80 pa 29 Febuluwale. Tagwirizana ndi achimwene komanso mng'ono wanga kuti phwando lichitikire pakhomo pano, chifukwa eni ake akanitsitsa zopita kuholo. Akanitsitsanso zolisunthira Loweruka ngakhale tsikulo likugwera Lachinayi. Akuti, "Ndalidikira zaka zinayi, inu musandisunthire."

Vuto ndi malo. M'chipinda cha alendo simunagone munthu chiyambire 2019, chaka chimene abambo anatisiya ndipo amayi anasamukira kuno ndi katundu wa nyumba yathunthu. Tinangolowetsa zonse, kutseka chitseko, n'kumati tiona mwezi wamawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lero ndangowerenga, sindinasunthe kanthu: makatoni 31, masutikesi 4, bokosi lachitsulo limodzi, makina osokera, mipando 6 yosanjikizana, ndi matumba amene ndawasiya osawerenga chifukwa ndinayamba kugwa ulesi. Ndikufuna kuti pofika pa 24 Febuluwale m'chipindamo mukhale bedi, matiresi awiri apansi, ndi kanjira koti munthu n'kudutsa usiku osapunthwa, popeza mng'ono wanga akubwera ndi ana ake atatu. Pabalaza pakwane anthu 25. Ndili ndi masiku a Loweruka 8 kuphatikizapo lero, ndipo awiri mwa amenewa atengedwa kale ndi masiku obadwa a anthu ena, la mwana wanga ndi la achimwene.

Pakhoma ndamata mapepala anayi: zosunga, zopatsa anthu, zotaya, zofunsa amayi. Achimwene akuti tingobwereka galimoto yaikulu tsiku limodzi, nkhani ithe. Ndawakanira, ngakhale mumtima ndinali nawo pang'ono.

Loweruka, 13 Januwale

Makatoni 9 atha, ndipo ambiri sanafune kuwaganizira. Makatani ong'ambika, zivindikiro zopanda mapoto, nsapato zopanda zinzake, mawaya a zipangizo zimene zinafa kalekale.

Katoni imodzi inali yodzaza ndi malisiti amene abambo ankawamanga ndi labala chaka ndi chaka. Olembedwa pamanja akuwerengekabe. Otuluka m'makina a m'sitolo ambiri asanduka mapepala oyera mbee. Mapepala amenewa sakhala ndi inki: amapakidwa mankhwala amene amada akatenthedwa ndi makinawo, ndiye akakhalitsa, makamaka pofunda kapena powala, zolembazo zimafufutika zokha. Abambo anasunga mosamala kwambiri umboni umene unadzifafaniza wokha m'katoni.

Chimene chandidya nthawi ndi mabatire. Wailesi yaing'ono ndi tochi zinasungidwa mabatire ali momwemo, ndipo anachucha n'kusiya zoyera ngati mchere pa timawaya. Zimene zimachucha m'mabatire wambawa ndi potassium hydroxide, zimawotcha khungu, choncho ndinavala magolovesi n'kupukuta ndi kathonje konyika mu viniga. Wailesi yayaka. Tochi yadyeka mkati monse, yapita. Ndapezanso foni yakale imene batire lake latupa mpaka kukankha chivindikiro. Limeneli ndi la lithium, silolowa m'zinyalala wamba chifukwa likaboka kapena kuphwanyika limatha kuyaka moto. Lili panja m'chitini cha mchenga, kudikira ulendo wa kumalo olandirira zamagetsi zakutha. Mapiritsi otha ntchito, ena a 2017, ndawamanga padera kuti ndikasiye kogulitsira mankhwala.

Mulu wa "zofunsa amayi" uli ndi zinthu zitatu zokha. Ndikuona ngati ntchitoyi itha msanga kuposa mmene ndimaopera.

Loweruka, 20 Januwale

M'chipinda sindinagwire kanthu. Mwana wanga wakwanitsa zaka 9, ndipo nditatha sabata yonse ndikutulutsa zinthu m'nyumba, mtima sunandilole kulowetsamo zidole zina. Mphatso yake inali ulendo wa ku planetarium mumzinda, nyumba yoonetsera nyenyezi padenga, iye ndi anzake awiri. Poyamba anakwinya nkhope kuti mphatso yopanda pepala lokulungira si mphatso. Magetsi atazima, nyenyezi n'kudzaza denga lonse lozunguliralo, ndinangomva kadzanja kakundigwira pamkono.

Wofotokozayo anatiuza kuti makina oyamba oonetsera nyenyezi padenga chonchi anapangidwa ndi kampani ya Zeiss ku Jena, ku Germany, mu 1923, kutanthauza kuti angokwanitsa kumene zaka 100. Kenaka anafika pa nkhani imene ikutikhudza m'banja mwathu. Dziko limatenga masiku 365, maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49 kuzungulira dzuwa. Maola otsalawo akaunjikana zaka zinayi amayandikira tsiku lathunthu, ndilo limaikidwa kumapeto kwa Febuluwale. Kalendala ya Julius Caesar inkaonjezera tsikuli zaka zinayi zilizonse mosaphonya, koma kunali kuonjezera mopyola pang'ono, mphindi 11 pachaka, ndipo m'zaka mazanamazana kalendala inasiyana ndi nyengo. Mu 1582 Papa Gregory XIII anadula masiku 10: anthu anagona Lachinayi pa 4 Okutobala n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Anaikanso lamulo lakuti zaka zothera ndi 00 zisamakhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha zikagawika ndi 400. Ndiye 2000 inali nalo, 1900 inalibe, ndipo 2100 sidzakhala nalo.

Pobwerera mwana uja anali kalikiliki ndi zala. Tisanafike pakhomo anali atapeza kuti agogo ake, obadwa mu 1944, tsiku lawo lenileni lawafikira maulendo 19 okha, ndipo la chaka chino ndi la 20. Walowa m'nyumba akufuula kuti, "Agogo, inu mwandiposa ndi 11 basi!" Amayi aseka mpaka kutsokomola. Chigamulo chatuluka pomwepo: pakeke yawo padzakhala makandulo 20, osati 80. Zandichepetsera nkhawa ya kuyatsa moto wochuluka chonchija pafupi ndi makatani.

Loweruka, 27 Januwale

Ndalakwitsa.

Lachitatu madzulo, ndikuthamanga kuti ndibweze Loweruka limene ndinataya, ndinatsegula bokosi lachitsulo. Munali nsalu zotsala, ulusi wowola, singano za dzimbiri, ndi chitini chachikulu chodzaza mabatani. Panalibe ngakhale awiri ofanana. Ndinati batani limodzilimodzi lingathandize ndani, ndipo ndinakapereka kwa aneba athu amene amasoka zovala. Anathokoza, ine n'kubwerera ndikudziona wanzeru.

Lero m'mawa amayi alowa m'chipindamo ndi ndodo yawo, koyamba chiyambire ntchitoyi, apita molunjika pabokosi lija, n'kufunsa kuti chitini chili kuti. Nditawauza, sanakalipe. Anangokhala pampando umodzi wa mipando isanu ndi umodzi ija n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wanga, mmene muja munali anthu."

Ine sindinkadziwa, koma kwa zaka zoposa 50, chovala chilichonse cha munthu wa m'banja chikatha kapena chikaperekedwa kwa wina, amayi ankadulako batani limodzi n'kuponya m'chitinimo. Malaya amene abambo anavala tsiku loyamba kuntchito, kajuzi ka mwana wawo woyamba amene anamwalira ali wakhanda ife tisanabadwe, diresi la amayi awo, yunifolomu ya achimwene. Kutanthauza kuti ntchito imene ine ndikudzitama nayoyi iwo anaiyamba kale, ndipo anaigwira bwino kundiposa: zovala zodzaza mawadirobu angapo anazipanikiza m'chitini chimodzi. Ine ndinaona zinyalala chifukwa chitinicho chinalibe cholembedwa, ndipo mwini wake yekhayo wodziwa kuchiwerenga sindinamufunse, ali chipinda chachiwiri kuchokera pamene ndinaima.

Pepani sapoletsa chilonda, komabe ndapepesa. Ndathamangira kwa aneba aja. Chitini chilipo, koma anali atakhuthuliramo mabatani awo, ndipo ena anawasokerera kale pa zovala za makasitomala zimene zinatengedwa dzulo. Si mlandu wawo, ndinawapatsa ndekha. Andibwezera chonse, awo ndi athu pamodzi.

Pepala la "zofunsa amayi" ndalichotsa pakhoma. Kuyambira lero palibe chotuluka m'chipindamo iwo asanachione, kaya ndi chivindikiro cha poto. Ntchito ichedwa, ichedwe.

Lachiwiri, 30 Januwale

Amayi akhuthulira mabatani onse pa thireyi ndipo akusankha madzulo aliwonse. Awo amawadziwa ndi chala asanayang'ane n'komwe. Lakajuzi kaja lapezeka, kakang'ono, kachikasu. La malaya a abambo palibe. Sakundilankhula kwambiri.

Makatoni otsala: 17.

Loweruka, 3 Febuluwale

Ulendo wa ku miyuziyamu ndinaukonza kalekale monga mphatso yoyambirira ya amayi, ndipo ndinatsala pang'ono kuulepheretsa poona mmene zinthu zilili pakati pathu. Iwo ndi amene anadzuka n'kuvala, n'kundifunsa ngati tikupitabe kapena ayi.

Ndinaimbiratu foni kufunsa za chikepe ndi mipando yopumirapo. Amene mukuyenda ndi okalamba, funsani zimenezi musananyamuke, ndipo sankhani zipinda ziwiri kapena zitatu zokha. Ife tinaona ziwiri m'maola awiri, ndipo zinakwana.

M'chipinda cha zinthu za m'nyumba zakale amayi anaima pagalasi lina nthawi yaitali. Munali nsimbi ya makala, nyale ya palafini, ndi makina osokera opalasa ndi phazi ofanana ndendende ndi awo amene ali pansi pa makatoni kwathu. Anatembenuka n'kuti, "Ndiye kuti inenso ndine wa muno? Mundisiye pompano, mundiikire kapepala." Aka kanali koyamba kundiseketsa sabata yonse. Kenaka anawerenga kapepala kofotokoza kachitsulo kena kamene kanali pambali pa makinawo, n'kupukusa mutu kuti alakwitsa, kameneko si komangira lamba, ndi kopindira m'mphepete mwa nsalu. Sanalole kuchoka mpaka nditaitana wogwira ntchito pamenepo. Ndinachita manyazi, koma mtsikanayo anatulutsa kabuku n'kulemba zonse, n'kuwafunsanso mafunso ena. Anacheza mphindi 20, ine ndili chiimire ngati wonyamula chikwama.

Pa macheza awowo ndi pamene ndatola zondithandiza. Chinthu chilichonse cholowa m'miyuziyamu chimapatsidwa nambala yakeyake, kawirikawiri yoyamba ndi chaka chimene chinalandiridwa, ndipo nambalayo imalembedwa mwaing'ono pamalo osaonekera. Imalozera ku kaundula wonena kumene chinachokera, anapereka ndani, ankachigwiritsa ntchito ndani. Mtsikanayo anati chimene amadandaula nacho kwambiri si zinthu zosweka, koma zinthu zabwinobwino zimene mbiri yake inasowa, chifukwa zimangodya malo pashelefu osauza munthu kanthu. Anatinso zimene alendo timaona ndi gawo lochepa, zochuluka zili mosungira, ndipo sikuti amalandira chilichonse chimene munthu wabweretsa. Amakana zambiri.

Chipinda chachiwiri chinali cha nsalu ndi mapepala, chamdima ndithu, moti amayi anadandaula kuti akuumira magetsi. Si kuumira. Kuwala kumasuwitsa utoto ndi kufooketsa ulusi, ndipo chikasuwa sichibwerera, choncho zinthu zoterezi amaziunikira pang'ono kwambiri, pafupifupi 50 lux pa muyezo wa kuwala. Ndinakumbukira chithunzi chaukwati wa makolo anga chimene ndinachipachika moyang'anizana ndi zenera mu 2019. Titangofika kunyumba ndachisamutsa.

Pobwerera amayi anati, "Mawa ubwere ndi kope." Tayamba kaundula wathu.

Loweruka, 10 Febuluwale

Sabata ya zithunzi. Zilipo 412, m'maalubamu asanu ndi m'katoni ya nsapato.

Maalubamu atatu ndi amtundu uja wa masamba omata, okutidwa ndi pulasitiki yopyapyala, amene anafala m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Ndi oipa kwambiri. Guluu wake wachita chikasu, wasiya mizere kumbuyo kwa zithunzi, ndipo zina zakakamira moti kukoka ndi kung'amba. Chimene chandithandiza ndi kaulusi kotsukira m'mano: kukalowetsa pansi pa ngodya n'kumakayendetsa uku ndi uku pang'onopang'ono ngati ukucheka. Zisanu ndi ziwiri zakana, ndazisiya momwemo n'kuzijambula ndi tsamba lomwe.

Chodabwitsa n'chakuti zithunzi zakale kwambiri ndi zimene zili bwino. Zakuda ndi zoyera za m'ma 1950 zikuoneka ngati zadzulo, chifukwa chithunzicho chimapangidwa ndi siliva. Zamitundu za m'ma 1970 zafiira zonse ngati tinkakhala m'dziko la dzuwa lolowa, popeza utoto wake sufufutika mofanana, wobiriwira mopita kubuluu umayamba kutha n'kusiya wofiirawo. Zimenezi ndi zimene ndayamba nazo kujambula ndi sikana, pa 600 dpi, ndiye kuti timadontho 600 pa inchi, kuti tidzathe kuzikulitsa. Ndikusunga malo atatu: pakompyuta, pa kadiski kapadera kamene kazikakhala kwa achimwene, ndi pa intaneti.

Koma sikana ndi ntchito ya manja chabe. Ntchito yeniyeni ndi mayina. Timakhala patebulo ine ndi amayi, ndimawapatsa chithunzi, iwo amanena, ine ndimalemba nambala kumbuyo ndi pensulo yofewa, n'kulemba nkhani yake m'kope. Bolopeni ayi, imadinda mpaka kutsogolo ndipo inki yake imatha kulowerera. Pa zithunzi zoterera kumbuyo pensulo sigwira, ndiye nambala ikupita pa envelopu. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: pa zithunzi 130 zimene tadutsa, ine ndekha ndikanatchula anthu a pa 40 mwina. Mwamuna wina wa chipewa amene ndinakula ndikumuyesa amalume ndi munthu wongodutsa amene anaima pafupi, ndipo mayi amene ndinatsala pang'ono kumuika pa mulu wa osadziwika ndi azakhali a abambo, amene anawalipirira sukulu.

Amayi amatopa pakatha mphindi 40, ndipo akatopa amayamba kusakaniza zaka. Tikumalekeza asanafike pamenepo. Ndayambanso kutsegula chojambulira mawu cha pafoni, atandilola, chifukwa dzanja langa silikwanitsa liwiro lawo akafika pa nkhani yowakomera, ndipo nkhani zokoma zimabwera pa zithunzi zosaoneka bwino, osati zapaukwati.

Chodabwitsa china: pamene akufotokoza chinthu n'kuona kuti chalembedwa, amachitaya mosavuta. Mbale zagalasi zimene ndinkaganiza kuti tidzakangana, anangoti zinali mphatso ya mnzawo wa kuntchito, ndilembe, ndisunge imodzi, zotsalazo zipite. Makatoni 6 atuluka sabata ino, onse ndi chilolezo chawo. Mmene ndinkagwira ndekha mobisa sindinkathamanga chonchi.

Lachitatu, 14 Febuluwale

M'sutikesi yachitatu muli majuzi aubweya oluka amayi, ndipo njenjete zadyamo. Zimene zimauluka zija sizidya kanthu, zoononga ndi mphutsi zake, ndipo zimakonda ubweya, mdima ndi malo osasunthidwa, zonse zimene tinazipatsa kwa zaka zisanu. Awiri atheratu. Atatu ndawatsekera m'mapulasitiki n'kuwaika mbali ya firiji youmitsa madzi, pa madigiri -18, kwa masabata awiri, monga amachitira ku miyuziyamu ndi nsalu zolowa kumene. Bambo a m'nyumba muno atsegula kufuna madzi oundana, apeza juzi, atseka osafunsa.

Pa awiri otha aja, amayi adulako batani limodzilimodzi.

Loweruka, 17 Febuluwale

Achimwene akwanitsa zaka 55. Nawonso mphatso yawo inali tikiti, tonse tinapita madzulo kukamvera gulu lalikulu la zoimbira. Amayi chinawasangalatsa kwambiri ndi chiyambi, nyimbo isanayambe, pamene chitoliro chotchedwa oboe chimaliza liwu limodzi ndipo ena onse amachuna zoimbira zawo potsatira icho. Liwulo ndi A, limene pa muyezo wofala limanjenjemera ka 440 pa sekondi. Iwo anati ndi mmene mwana woyamba amayenera kukhalira m'banja, n'kuyang'ana achimwene, amene pofika chigawo chachiwiri anali akusinza. Amayi anaombanso m'manja pakati pa zigawo, pamene ena onse anali chete. Anthu awiri atatu anatembenuka. Ine mwambo umenewu sindiuona phindu lake, munthu chikamukomera aombe.

Masana tisanapite tinali titafukula makina osokera. Ndi a Singer, ndipo kabuku kake kakuti 15K. Chilembo K chikuimira Kilbowie, fakitale ya ku Clydebank ku Scotland, imene inatsekedwa mu 1980. Fakitale inatha, makina alipo. Lamba wachikopa waduka ndipo mafuta akale auma, koma nditadontheza atsopano m'timabowo tonse n'kupukusa gudumu ndi dzanja, singano yayamba kukwera ndi kutsika mwakachetechete.

Apa panabuka kamkangano. Achimwene, omwe aja a galimoto yaikulu, akuti makinawa ndi chikumbutso, apite kwawo akaikidwe pabalaza. Mng'ono wanga pafoni akuti amayi anamulonjeza iye kalekale. Ine ndinangoti zii, ndapsa kale. Amayi anamvetsera onse n'kugamula kuti makina si maluwa, apita kwa mwana wamkazi wa achimwene amene akuphunzira kusoka, ndipo azibwera Lamulungu lililonse kudzaphunzira mpaka iwo atakhutira. Kutanthauza kuti makinawo sakuchoka m'nyumba muno posachedwa. Ndawapezera malo pansi pa zenera m'chipinda cha amayi.

Loweruka, 24 Febuluwale

Tsiku limene ndinadziikira. Bedi lalowa, matiresi awiri akwana, kanjira kalipo. Makatoni 31 aja atsala 5, ndipo ali pamwamba pa wadirobu, iliyonse ili ndi nambala ndi tsamba lake m'kope. Mipando 6 yapita pabalaza kumene ikufunika Lachinayi. Ndakolopa kawiri, fungo la chinyezi likadalipo pang'ono, mazenera akhala otsegula mpaka alendo afike.

Katoni yomaliza kutsegula inali ya matepi. A vidiyo alipo anayi, a VHS, mtundu umene JVC inatulutsa mu 1976. Choonetsera tilibe, ndipo zatsopano sizipangidwanso, kampani yomaliza, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Pa tepi ya ukwati wa achimwene pakuoneka timadontho toyera ta nkhungu kudzera pakawindo kake, ndiye sindiyesa n'komwe kuiika m'makina obwereka, ingadukemo ndi kuipitsanso makina a eni ake. Ipita kwa odziwa kutsuka ndi kusamutsa matepi.

Makaseti a mawu ndi 26. Wailesi ya kaseti tabwereka kwa aneba omwe aja. Ambiri ndi nyimbo, koma imodzi yolembedwa 1984 ndi dzanja la abambo ili ndi mawu awo. Akuphunzitsa mng'ono wanga kuwerenga manambala, iye akulumpha 7 nthawi zonse, iwo akuseka n'kuyambiranso. Ndinali nditaiwala kuti ankaseka motsekereza mpweya chonchija. Zimatenga mphindi zinayi. Kenaka pakati pa mawu, phwa, kukuyamba nyimbo za pawailesi zimene munthu wina anajambula pamwamba pake. Munthu wake ndikumudziwa. Anali ndi zaka 14 ndipo ankasowa kaseti yopanda kanthu. Ndiye kuti nkhani ya mabatani sinali yoyamba.

Mphindi zinayizo ndazisamutsira pakompyuta. Amayi sindinawamvetsere, ndawafunsa kaye ngati akufuna kumva pagulu Lachinayi kapena paokha. Akuti paokha, ndipo osati sabata ino.

Lachisanu, 1 Malichi

Phwando latha. Tinakonzekera anthu 25, anabwera 33, ena anakhala pa mikono ya mipando ndipo ana anakhala pansi. Keke inafika mochedwa ndi ola lathunthu ndipo dzina linalembedwa molakwika chilembo chimodzi, tinakonza ndi nsonga ya mpeni. Makandulo 20 anazima ndi mpweya umodzi, mwana wanga ataimirira pambali kufotokozera aliyense wofuna ndi wosafuna za Papa Gregory ndi masiku 10 aja.

Zithunzi 60 zinkayenda pa TV mwakachetechete, chilichonse ndi mayina ake pansi. Ndinkayesa kuti anthu azingoziponyera diso, koma zinayambitsa mikangano itatu ya zaka ndi malo, ndipo msuweni wa amayi, wa zaka 84, anatchula anthu a pa zithunzi 9 zimene amayi analephera. Ndinamusiya mlendo ndi mbale m'manja n'kuthamangira kope.

Chimene sindinakonze ndi cha mabatani. Atatha kudya keke, amayi anatuma mdzukulu kukatenga chitini, n'kuuza adzukulu onse asanu ndi awiri kuti aliyense atolemo limodzi. Aliyense ankabwera nalo, iwo n'kunena mwini wake ndi chovala chake. Kamtsikana ka mng'ono wanga kanatola lofiira lonyezimira, amayi analitembenuza kawiri n'kuti, "Ili si lathu, ndi la aneba," ndipo aneba ajawo, amene analipo, anafotokoza okha kuti linachoka pa diresi la mkwatibwi wina wovuta. Anthu anaseka kwambiri kuposa pa nkhani zina zonse. Lachikasu lija silinali m'chitini. Ndinaliona m'mawa mwake pa kambale pafupi ndi bedi lawo.

Pa uthenga woitanira anthu ndinalemba momveka kuti mphatso zofuna shelefu ayi. Talandira makapu 3, wotchi yapakhoma, bulangete, mafelemu awiri ndi chidole chagalasi cha mbalame. Amayi akondwera nazo zonse.

Loweruka, 9 Malichi

Alendo apita Lamulungu lapitali, ndipo chipinda chikadali chipinda. Dzulo ndinapeza wina ataikamo katoni ya makapu aja "kwa kanthawi", ndaitulutsa nthawi yomweyo.

Zotsala: zithunzi 171 sizinadutse patebulo, ndipo 23 mwa zimene tadutsa zilibe mayina. Msuweni wa amayi wavomera kuti tikamupeze ndi zimenezi pa 23 Malichi, m'mawa, chifukwa masana amagona. Matepi a VHS sanapite. Batire lotupa lija likadali m'chitini cha mchenga, ndachita nalo ulesi, lipita Lolemba pamodzi ndi mapiritsi. Majuzi atuluka m'firiji, awiri ali bwino, limodzi likufuna chigamba pachigongono ndipo amayi akuti ndi phunziro loyamba la mdzukulu wawo mawa, lamba watsopano wa makina akapezeka. Mabatani 58 alembedwa m'kope, lililonse ndi kachithunzi kake, otsala sindinawerenge.

Kaseti ija anaimvera Lachitatu usiku, chitseko chotseka. M'mawa mwake anangondifunsa ngati mbali yachiwiri ndinaimvera mpaka kumapeto. Sindinaimvere. Wailesi ya aneba ndiibweza mochedwa ndi tsiku limodzi.